Funsani Azakhali: kholo likayamba kuiwala kuti ladya

Moni nonse owerenga kuno ku Mozambique, a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde mpaka inu a mu mzinda wa Tete amene mukupsa ndi dzuwa panopa. Mwezi uno mauthenga ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya makolo okalamba amene mutu wayamba kuwasokonekera, nde ndangoti tsamba lonse lipite kumeneko, za mabanja ndi zibwenzi tidzaonana mwezi wamawa. Maina ndachotsa ngati mwa masiku onse, ena ndakudulirani pang'ono chifukwa anthu inu mukayamba kulemba simupuma ayi.

FUNSO: Azakhali, ine ndine mayi wa ana anayi ndimakhala ku Domué. Amayi anga ali ndi zaka za m'ma 70 ndipo chiyambire chaka chatha asintha moti sindikuwamvetsa. Amadya nsima bwinobwino ine kutsuka mbale, pakangopita kanthawi akuuza anthu odutsa pamsewu kuti chidzukire sanalawe kanthu ine ndikuwamana. Ndalama amabisa okha pansi pa mphasa pena kudenga nde akaiwala akuti waba ndine kapena mwana wanga wamkazi. Achimwene anga ali pa ntchito ku Moatize, akaimba foni amayi amayankhula bwinobwino mpaka kuseka, nde achimwenewo akuti ine ndikunama ndikungodya ndalama zimene amatumiza pa M-Pesa. Chondidabwitsa nkhani za kalekale pomwe Ulónguè ankati Vila Coutinho amazikumbuka zonse ndi maina a anthu omwe. Munthu woiwala angakumbuke zimenezo? Kapena akungondida basi? Ndatopa Azakhali, masiku ena ndimawakalipira kenako ndimakalira kuseri kwa bafa.

YANKHO: Mwana wanga, amayi anu sakukudani ndipo sakuchita dala. Sindingawapime ndili kuno, akuyenera kukaonedwa kuchipatala, koma zimene mwalembazi zikufanana kwambiri ndi matenda a mu ubongo amene madokotala amati dementia, m'mapepala a chipatala kwathu kuno mudzaona alemba demência. Si ukalamba chabe ayi. Tonse tikudziwa agogo a zaka 90 amene amawerenga mbuzi zawo osaphonya ndipo ngongole ya dzana saiwala. Kuiwala pomwe waika mpeni kumachitikira aliyense, koma kuiwala kuti wadya kumene, kufunsa funso lomwelomwelo kasanu, kusochera njira ya kudimba imene wayenda moyo wako wonse, pamenepo ubongo ukuwonongeka pang'onopang'ono.

Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa odwala 100 alionse, 60 mpaka 70 ndi a mtundu umenewu. Bungwe lomweli limati padziko lonse odwala ndi oposa 55 miliyoni ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi apakatikati, nde amene amati awa ndi matenda a azungu akunama. Mtundu wina wa dementia umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikamatsekeka chifukwa cha BP, shuga kapena sitiroko.

Za Vila Coutinho zija musadabwe nazo. Taganizani nkhokwe, chimanga chimene chinalowa pomaliza ndi chimene chimayamba kutha, chapansi chija chimatsalira mpaka kumapeto. Mbali ya ubongo yosunga zatsopano ndi imene imayamba kufa, choncho nsima ya masana ano palibe pomwe yalembedwa koma ukwati wawo, nyimbo za kutchalitchi, dzina la mphunzitsi wawo woyamba, zonse zilipo. Za kuba nazonso zimachokera pomwepo. Iwo akukumbuka kuti anali ndi ndalama, sakukumbuka kuti anazisuntha, nde mutu umangomaliza wokha kuti pali wina watenga, ndipo wina ameneyo amakhala amene amamuona tsiku lililonse. Amene akuwasambitsa ndi amene amatchedwa wakuba, amene ali kutali ndiye mwana wabwino. Zimawawa, ndikudziwa.

Musalimbane nawo kuti mwadya, mwadya. Simupambana, mungowakwiyitsa, ndipo mkangano adzaiwala koma kuwawidwa mtima kumatsala tsiku lonse. Akati sindinadye ingonenani kuti dikirani amayi ndikubweretsereni, muwapatse kambatata, nthochi kapena kapu ya thobwa. Chakudya chawo chigaweni pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndipo azidyera pakhonde poonekera, anthu oyandikana nawo aziona okha. Akati ndalama zabedwa nenani tiyeni tifunire limodzi, posachedwa mudziwa malo awo obisa chifukwa amakhala awiri atatu omwewo. Asiyireni ya 20 kapena ya 50 metikali pa mfundo ya chitenje kuti mtima ukhale pansi, zambirizo sungani inu.

Tsopano achimwene anuwo. Pa foni ya maminitsi atatu munthu wodwala chonchi amaoneka wabwinobwino chifukwa moni, mwadzuka bwanji, ana ali bwanji, ndi mawu amene pakamwa panazolowera kwa zaka 70. Auzeni akatenga tchuthi abwere adzakhale sabata yathunthu, osati ngati mlendo wopheredwa nkhuku, koma adzagone chipinda choyandikana ndi amayi, inu mupite kwa anzanu masiku awiri. Gulani kope muzilemba ndalama iliyonse yalowa ndi chimene mwagula, sopo, shuga, chapa (minibasi) ya kuchipatala, muzijambula ndi kuwatumizira. Ndipo itanani amalume kapena mwinimbumba akhazike abale onse pansi, agawane: uyu ndalama, uyu kulima munda wanu, uyu kudzagona Loweruka. WHO yomweyo imati 70 pa 100 ya maola osamalira odwalawa amagwira ndi akazi, ine sindinafunikire kuwerenga kuti ndidziwe zimenezo, ndimangoona amene amandilembera. Funsaninso kwa sekeletaliyo wa m'dera lanu kapena permanente (woimira bungwe m'mudzi) wa INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, ngati amayi angalembedwe pa ndalama ya okalamba ija ya PSSB, ndi yochepa komanso imachedwa koma sopo imagula. Kukalipa kuja ndi kutopa, sikuti ndinu mwana woipa, koma mukaona dzanja layamba kuyabwa tulukani panja muitane munthu wina.

FUNSO: Azakhali ndine mnyamata wa zaka 22 wa kufupi ndi Furancungo. Agogo anga aakazi anapezeka m'mamawa m'mudzi wina ali pabwalo la eni ake opanda chovala. Anthu anasonkhana nkumati mfiti yagwa, ena anawakwapula ndi timitengo, atawafunsa kuti mumapita kokatamba eti iwo anati eya, atawafunsa kuti mwana anamwalira mwezi watha uja munadya ndinu anatinso eya. Pano abale akuti tipite nawo kwa sing'anga kenako tiwamangire kanyumba kutali ndi mudzi. Ine agogowa anandilera ndipo zaka ziwiri zapitazi amaiwala ngakhale dzina langa, koma chikundizunguza mutu nchakuti anavomera okha.

YANKHO: Iwe mwana wanga, wachita bwino kulemba ndipo usalole kanyumba kameneko. Ine sindikangana ndi munthu pano zakuti ufiti ulipo kapena kulibe, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, ndikunena za agogo akowa. Munthu amene waiwala dzina la mdzukulu amene anamulera yekha, wazunguliridwa ndi chigulu chikukuwa, ali maliseche, akuzizidwa, sakudziwa kuti ali kuti, ukamufunsa chilichonse ayankha eya. Ukanawafunsa kuti ndinu amene munamanga damu la Cahora Bassa akanavomeranso. Funsolo sakulimva, akungoona nkhope zolusa nde akuvomera kuti mwina awasiya.

Kuyenda usiku ndi chizindikiro chodziwika bwino cha matendawa. Ubongo umasiya kusiyanitsa usiku ndi usana, munthu amadzuka 2 koloko akuganiza kuti kwacha apite kumunda kapena kukatunga madzi, pena wangotuluka kukataya madzi nde njira yobwerera yasowa, amangoyenda mpaka miyendo itatopa. Nsalu imagwa m'njira, kapena anavula chifukwa anadzikodzera, kapena manja aiwala kamangidwe kake. Ndipo tadzifunsa wekha, bwanji amene amagwa pa lichero nthawi zonse amakhala agogo amasiye osauka, sitinamvepo kuti wagwa ndi mwini golosale wa zaka 40? Penanso ukafufuza bwino kumbuyo kwake kumakhala nkhani ya munda kapena dimba limene wina akulifuna, ndangodutsamo.

Dziko lathu lili ndi lamulo nambala 3/2014 loteteza ufulu wa anthu okalamba, kuyambira zaka 60, ndipo kumenya kapena kutaya nkhalamba ndi mlandu. Ku polisi kuli ofesi yoona za nkhanza za m'banja, ija amati Gabinete de Atendimento, ungathe kukanena kumeneko ngati anthu akuopsezabe. Koma usayambire kupolisi ngati pali njira ina, chifukwa agogowo adzakhalabe m'mudzi momwemo. Yamba ndi kuchipatala, akupatse pepala lakuti akudwala, pepalalo upite nalo kwa amfumu pamodzi ndi APE (wa zaumoyo wa m'mudzi) wa m'dera lanu kapena akuluakulu a mpingo, amfumu alengeze pa msonkhano kuti mayi uje akudwala mutu, amene wawaona akuyenda okha awagwire dzanja abwere nawo kunyumba. Midzi yoyandikana nayo imvenso. Anthu akauzidwiratu masana sachita chipwirikiti usiku.

Kunyumba, pa chitseko mangirira chitini choika timiyala kapena kabelu ka mbuzi kuti chikatseguka wina amve. Wina azigona nawo m'nyumba, ndowa yokodzera ikhale pafupi ndi mphasa, katochi kaziyaka pang'ono. Masana asamangogona, aziyenda nawe, azitongola chimanga kapena kusankha nyemba, thupi likatopa usiku amagona. Soka kansalu kolemba nambala ya foni pa zovala zawo, ndipo ukhale ndi chithunzi chawo cha posachedwa mu foni. Inu a m'malire, ku Calómuè, Biri-Biri, Zóbuè, Cassacatiza, izi nzofunika kwambiri chifukwa agogo atha kulowa Malawi kapena Zambia osadziwa, kumeneko palibe owadziwa. Chitsime chikhale chovundikira. Osawamanga chingwe pamwendo, osawatsekera okha m'nyumba muli mbaula kapena nyali ya parafini. Za kwa sing'anga, mankhwala osanzitsa ndi otsegula m'mimba aja munthu wokalamba amamumaliza madzi m'thupi, atha kufa nawo.

FUNSO: Bambo anga a zaka 68 tikukhala nawo ku Matundo, sabata yatha anali bwinobwino amapita okha kumsika, koma masiku atatu awa akuyankhula zosamveka, akuona anthu pakhoma, pena akungogona osafuna kudzuka. Anzanga akuti ndi matenda oiwala aja ayamba, palibe chochita. Nzoona?

YANKHO: Awa ndinawayankha tsiku lomwelo kuti athamange, ndikuika pano kuti ena mumve. Dementia siyamba Lachiwiri nkufika poipa Lachisanu, imakwawa miyezi ndi zaka. Kusokonezeka kwadzidzidzi chonchi nthawi zambiri ndi matenda ena amene agwira thupi: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga kukwera kapena kutsika, sitiroko, kugwa nkumenyetsa mutu, kapena kungotha madzi m'thupi. Kutentha kwa mu Tete mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40 ndipo okalamba samva ludzu msanga, ena amakananso kumwa poopa kudzuka usiku. Zambiri mwa izi zimachizika munthu nkubwerera mwakale, koma mukachedwa zimapha. Pitani ku banco de socorros (kolandirira odwala mwadzidzidzi) ya Hospital Provincial de Tete kapena chipatala chilichonse chapafupi lero lomwe, mutenge mankhwala onse amene akumwa. Izi zikukhudzanso amene muli ndi wodwala dementia kale, akasintha mwadzidzidzi musati ndi matenda ake aja, kayezetseni.

FUNSO: Azakhali, ndine mkulu wa mpingo ku Tsangano. Bambo anga dzuwa likamalowa amamanga katundu pa chitenje nkumati tiyeni tithawe asilikali akubwera, tiwolokere ku Ntcheu. Amafunsanso amayi, amene anatisiya mu 2019, ndikawauza kuti anamwalira amalira ngati uthenga wafika kumene, mawa afunsanso. Akazi anga akuti ndiziwauza kuti apita kumunda, koma ine kunama ndimaona tchimo. Nditani?

YANKHO: Abambo, funso lanu ndi lolemera ndipo ndikulemekeza chikumbumtima chanu. Nkhondo yapachiweniweni ija inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, inu mukudziwa, ine ndikudziwa, koma m'mutu mwa bambo anu zaka za pambuyo pake zafufutika, iwo ali m'nthawi ija anthu pafupifupi miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo mbali yathu ino ndi ochepa a msinkhu wawo amene sanagonepo kuthengo kapena kukhala ku kampu ku Ntcheu, Dedza kapena Mwanza. Mantha awo ndi enieni. Ndipo kuvuta madzulo ndi khalidwe la matendawa, ubongo watopa, mdima ukubwera, zithunzithunzi zikuoneka ngati anthu, ana akuchita phokoso, wailesi ikulira.

Kuwauza tsiku ndi tsiku kuti akazi awo anamwalira ndi kuwakhazika pa siwa tsiku ndi tsiku, ndipo palibe chimene akuphunzirapo chifukwa mawa sichikhalapo. Ine ndili mbali ya akazi anu, ndinene poyera. Koma ngati pakamwa panu sipangathe, pali njira yosanama. Akafunsa amayi ako ali kuti, inu nenani mwawasowa eti bambo, tandiuzeni munakumana kuti, nde muwasiye afotokoze, nthawi zambiri funso limasungunuka mu nkhaniyo. Akamanga katundu musawalande. Nenani ndamva bambo, ndayang'ana kunjaku kuli zii, ine ndilondera, tiyeni timwe tiyi kaye, kapena nyamulani katunduyo muyende nawo pang'ono kuzungulira nyumba nkubwerera. Yatsani nyali mdima usanagwe, tsekani wailesi makamaka nkhani za nkhondo ya ku Cabo Delgado asamazimve, ndipo poti ndinu a mpingo yambitsani nyimbo imene ankaikonda, mudzadabwa kuti munthu wosadziwa chaka amaimba mavesi onse. Tsiku limene afunsa maso ali gwa kuti kodi anamwalira eti, pamenepo vomerani mofatsa, mukhale nawo pafupi.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Ulónguè. Pali munthu pa Facebook akugulitsa makapisozi akuti amabwezeretsa ubongo, ndigulire amayi? Komanso agogo anga anadwala chonchi, pano amayi, ndiye kuti inenso basi?

YANKHO: Aphunzitsi, ndalamazo gulirani amayi mazira, usipa ndi matewera a akuluakulu. Mpaka lero palibe mankhwala ochiza Alzheimer, ku Ulaya komwe kulibe. Alipo ena ngati donepezil amene kwa anthu ena amachepetsako zizindikiro kwa kanthawi, amalemba ndi dokotala ndipo sapezeka paliponse. Koma kuchipatala pitani ndithu, ku Hospital Rural ya ku Ulónguè komweko mufunse tekiniko wa psiquiatria, musachite manyazi ndi dzinalo kuti ndi kwa amisala, ndi amene anaphunzira za matenda a m'mutu ndipo zipatala za m'maboma ndi iwowa amene timadalira poti madokotala a zimenezi ndi ochepa m'dziko muno. Pitani ndi munthu amene amakhala ndi amayi tsiku ndi tsiku, chifukwa iwo akafunsidwa adzati ndili bwino. Pemphani ayeze BP, shuga, magazi, HIV ndi chindoko. Inde ngakhale agogo, musaseke, matenda awiriwa amatha kulowa mu ubongo ndipo ali ndi mankhwala. Kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro ndi kukhumudwa kwambiri pambuyo pa maliro nazonso zimaiwalitsa munthu ndipo zimathandizika. Chimene ndikukanizani ndi kugula mapiritsi ogonetsa pa msika kuti agogo asavute usiku, amawagwetsa nkuthyoka chiuno, ndipo amawonjezera kusokonezeka.

Za kutengera, kukhala ndi kholo lodwala kumakweza mpata pang'ono koma sikuti basi mwalembedwa. Mtundu woyenda m'magazi mwachindunji ndi wosowa ndipo umayamba msanga, munthu asanafike zaka 65, pena ali m'ma 40 kapena 50. Chachikulu ndi msinkhu, ndipo pali zina zimene zili m'manja mwanu panopa: yezetsani BP ngakhale simukumva kupweteka paliponse ndipo akakupatsani mankhwala musasiye mukamva bwino, chepetsani mchere, kachasu ndi fodya, makutu akayamba kugontha kaonetseni, ndipo pa njinga yamoto valani chipewa cholimba chija ngakhale ulendo uli wongofika pa msika.